Nyimbo Zokwiriridwa za Benedicto

Ine ndi misonkhano sitimwerana madzi. Ndagwira upolisi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo sindinaonepo msonkhano umene anthu anatuluka akumvana, kupatula pa nkhani ya zakumwa. Koma bwana akati, "Sajeni Keziya, pitani ku holo mukaonetsetse kuti asaswane mitu," umangotola chipewa n'kupita.

Linali Lachitatu, sabata yoyamba ya Disembala. Komiti ina ya ku Lilongwe inkayendera maboma kumva maganizo a anthu pa msonkho watsopano umene unkaganiziridwa. Ankati aliyense wogula bandulo ya intaneti azidulidwa kangachepe, ndalamazo zizilipirira ntchito yosaka anthu okuba nyimbo ndi mafilimu. Papepala zinkamveka bwino. Mu holo ya pa Mchinji boma munali fumbi lokhalokha.

"Ine intaneti ndimatumizira mapepala a mathiraki," anakuwa bambo wina wokonza zikalata za katundu ku boda. "Nyimbo ndimamvera pa wailesi. Abe ena, ndilipire ine? Nkhuyu zodya mwana zipote wamkulu?"

"Mukangokweza, tonse tigula malaini a ku Zambia!" anaponyapo wosintha ndalama wina kumbuyo. "Netiweki ya ku Mwami imafika mpaka m'bafa mwanga!"

Anthu anaseka, mayi wa komiti n'kungoti mutu m'mapepala. Apo m'pamene anaimirira a Wilson, wapampando wa kagulu ka oimba a m'boma muno, munthu woti akagwira maikolofoni kumulanda kwake n'kwa nkhondo.

"Mukuseka chifukwa simunaikepo m'manda munthu wofa ndi mtima chifukwa cha akuba nyimbo," anatero. "Mayi mukuwaona apawa ndi a Imelda, mkazi wa malemu Benedicto wa ku Ludzi."

A Benedicto tonse tinkawadziwa. Anaphunzitsa kwaya ndi kupeka nyimbo zaka makumi atatu. Chimbale chawo choyamba chitatuluka, sipanathe masiku atatu obena nyimbo ku boda anali atachithira kale m'mafoni a aliyense, eni ake osapezapo ngakhale ya mchere. Zinawawawa. Chachiwiri anachijambula mobisa, nyimbo zisanu ndi zitatu, n'kukana kuchitulutsa. Anamwalira mu Okutobala atadwala chifuwa nthawi yaitali. Mkazi wawo anakhala pa benchi ya kutsogolo pambali pa mlamu wawo, mpango wakuda kumutu, manja pamiyendo. A Wilson anawabweretsa ngati chionetsero, ndipo zinandinyansa.

"Chimbale chija malemu anakana kutulutsa," a Wilson anapitiriza, "dzulo ndachilandira pa foni, chaulere. Chili paliponse. Imvani nokha."

Anagunditsa foni pa maikolofoni. Mawu a munthu wakufa anadzaza holo yonse, okhuthala, osathamanga, akuimba za ulendo wopita kwa Atate.

A Imelda anadzambatuka. "Zimitsani! Zimitsani! Nyimbo zimenezo zili m'manda!"

Anthu onse anatembenukira kwa iwo.

"Anandilumbiritsa," mayiwo anatero. "Anati, ‘Ndikafa nyimbo zanga ndipite nazo, akuba asadyerepo.’ Zinali pa kakhadi kamodzi kokha ka m'foni. Ndinakaika m'bokosi la machesi, n'kusokerera m'thumba la jekete imene anavala. Amayi onse a kwaya anaona."

A Wilson anafuna kuzimitsa, koma chala chinaphonya, foni n'kudumphira pa nyimbo yomaliza. Imeneyo sinali nyimbo. Munali phokoso la waaa, ngati dothi likukhuthukira pa thabwa. Pansi pa phokosolo munthu ankapuma movutikira. Kenako kunayamba kugogoda. Go. Go. Go. Pang'onopang'ono, osalekeza.

"Mayo," ananong'ona mayi wina pafupi nane. "Akugogoda bokosi."

Sindinaonepo holo ikukhuthuka msanga chotero. A komiti anathawa n'kusiya mapepala awo patebulo. A Imelda anagwa n'kukomoka. Amene anatsala chiimire anali mlamu wawo uja, a Vincent, mkulu wake wa malemu, bambo wamtali wa ndevu zotuwa. Sanathawe, sanakuwe. Anangovala chipewa chawo bwinobwino.

"Ndikumudziwa amene wafukula mng'ono wanga," anatero.

* * *

Ndinalakwitsa, ndipo ndikuvomera. Ndinataya nthawi kutsitsimula a Imelda m'malo motsatira a Vincent. Pamene ndinkafika ku Ludzi ndi apolisi anzanga awiri, dzuwa linali litapendeka, ndipo ntchito inali itayambika kale.

Tinamupeza atamangiriridwa pa mzati wa chigafa cha fodya, pa esiteti ina kuseri kwa mudzi. Dzina lake Kefasi, tenanti wochokera ku Phalombe. Diso limodzi linali litatsekeka, zala za dzanja lamanja zitathyoka. Mkazi wake, Stelia, anali atagwada m'matope, ana atatu atamukangamira. Bambo wina anali atanyamula kale chigubu cha petulo. Tinaombera m'mwamba kawiri kuti atipatse njira.

Tikumukweza m'galimoto, a Vincent anandiyandikira. Ankalankhula modekha ngati akuwerenga zolengeza m'tchalitchi.

"A Sajeni, ife si zilombo. Tili ndi zifukwa. Tsiku la maliro, amene analowa m'dzenje kukalowetsa bokosi m'chipinda chake cha m'mbali ndi ameneyu, ndipo anachedwamo yekha. Mvula itayamba, amayi otola nkhuni anamuona akutuluka kumanda, khasu paphewa, matope mpaka m'mawondo. Yekha. Kuno munthu salowa kumanda yekha, ngakhale mwana amadziwa. Ndiye lero tapeza nyimbozo m'foni mwake."

"Nyimbozo zili m'mafoni a boma lonse, a Vincent."

"Boma lonse silinalowe m'dzenje la mng'ono wanga." Anapukuta m'manja ndi kansalu. "A ku Lilongwe aja akuti tizilipira msonkho kuti atigwirire akuba. Ife wathu tamugwira popanda msonkho. Loweruka m'mawa tikufukula. Kakhadi kakapezeka m'thumba, ndidzamupepesa ndekha munthuyu. Kakapanda kupezeka..."

Sanamalize. Anangoyang'ana kanyumba ka udzu ka Kefasi, n'kuyang'ana ana aja.

"Kufukula maliro kumafuna chilolezo cha khoti," ndinatero.

"Nanga iyeyu anachitenga kukhoti liti?"

Stelia anakana kukwera nafe, akuti akachoka fodya wa chaka chonse adzazulidwa. Munthu ungamubise m'chitolokosi masiku angapo, koma banja lonse sungalibise kwa midzi isanu yokwiya. Ndinatsala ndi masiku awiri.

* * *

Lachinayi m'mawa, a chipatala atamumanga dzanja, ndinakhala naye Kefasi mu ofesi. Anali munthu wochepa thupi, wolankhula akuyang'ana pansi.

"Amayi, malemu aja anali ngati bambo anga. Nditangobwera kuno aliyense ankanditcha wobwera. Iwo aja anandimva ndikuimba m'munda, basi n'kunditengera ku kwaya."

"M'dzenje munalowa chifukwa chiyani? Si ntchito ya adzukulu imeneyo?"

"Adzukuluwo ndi amene anandituma. Anati, ‘Kefasi, ndiwe wochepa, lowa.’ Chipinda anachisema chachifupi, bokosi linakana. Ndinachedwa ndikusemako. Thumba la jekete ndikanalifika bwanji, bokosi lokhomedwa ndi misomali?"

"Nanga khasu lija?"

"Mvula yoyamba ija manda anatitimira. Ndinaona ndikudutsa, kumutu kuli dzenje, madzi akulowa. Ndinauza anthu awiri, onse anati tiona. Panapita masiku atatu osaona. Mtima sunandilole, amayi. Ndinapita kukaundira."

"Simunkadziwa kuti kumanda salowako wekha?"

"Ndinkadziwa. Koma ndinkayesa mwambowo umaletsa alendo." Anadzutsa mutu koyamba. "Zaka sikisi, amayi. Maliro onse ndakumba nawo. Ndinkayesa ndine wa pano."

Ndinachita ngati ndikulemba kanthu kuti asandione m'maso. Kenako ndinamufunsa za nyimbo.

"Ndinabenetsa ku boda, kwa Joe. Ndinapita kukagula matumba, ndinangomva mawu awo akutuluka pa sipika. Ndinalira pamsewu ngati mwana. Ndinkayesa mwina anasiyira wina." Anandigwira mkono ndi dzanja labwino lija. "Asiyeni afukule, amayi. Musawaletse. Kakhadiko akakapeza momwemo, ine n'kuyera. Ndikupempha ndine."

Kunena zoona, nanenso m'mawa umenewo ndinkaganiza chimodzimodzi.

* * *

Pa boda sipasintha. Mathiraki anali atandanda mpaka pa mtunda, osintha ndalama akupukusa mipukutu yawo ngati akukupiza moto. Kashopu ka Joe kanali kamatabwa, pakati pa wogulitsa chipisi ndi wometa. Joeyo ndi bambo wa kamimba, wa tcheni m'khosi, ndipo atangoona yunifolomu anaponya thaulo pa kompyuta ngati ine ndine wakhungu.

"Vundukulani, a Joe. Lero sindinabwerere zimenezo."

"Aa, mami, ine ndimangotchajira anthu mafoni chabe."

"Nyimbo za malemu Benedicto munazitenga kuti? Pa intaneti?"

Anaseka mpaka tcheni chinagwedezeka. "Intaneti? Ndiye zomwe ndimawaseka a msonkho aja. Ine intaneti sindiigwira n'komwe, mami. Ine ndi kachingwe aka basi. Iwo azikasaka kumwamba uko, ife tili pansi pano. Ndikathira munthu mmodzi, iyeyo ndiye amatumizira anzake. Manje mawa lake mumva zili ku Joni."

"Ndafunsa kuti munazitenga kuti."

Anakanda kumutu. "Ntchito ino ili ndi kachitidwe kake. Khadi lililonse lolowa mu kompyuta yanga, kaya mwini wake wabwera kudzabenetsa, kaya kudzakonzetsa, ine ndimakoperatu zonse zili momwemo. Katundu wanga ndimapezera pamenepo."

"Eni ake amadziwa?"

"Amafunsa ngati?"

"Anabwera nazo ndani?"

"Mami, anthu handiredi pa tsiku. Ine ndimaona makhadi, osati nkhope." Anatembenuzira kompyuta kwa ine. "Koma iyi siiwala. Onani. Zinalowa muno pa 21 Novembala. Nyimbo eyiti, ndi chinacho."

"Chinacho?"

"Nambala naini. Chogogoda chija." Kuseka kunamuthera. "Ndiye chikuyenda kuposa nyimbo zonse, aliyense akufuna chimenecho. Koma ine ndinasiya kuchiika pa sipika. Onani tsiku limene chinajambulidwa."

Ndinawerama. Panalembedwa 14 Novembala, nthawi itatsala pang'ono kukwana 12 koloko masana. A Benedicto tinawaika pa 20 Okutobala. Wina anajambula pa kakhadi kaja patatha masiku makumi awiri ndi asanu mwini wake ali pansi.

Ndine Mkhristu, ndine wapolisi, komabe ndinabwerera m'mbuyo. Ndinapempha mahedifoni. Joe anandipatsa n'kutuluka panja, akuti akagule madzi.

Ndinamvera koyamba, ndinangomva zimene aliyense ankamva: dothi, kupuma, kugogoda. Ndinamvera kachiwiri nditatsinzina. Kachitatu ndinadziseka ndekha. Ine ndinakulira m'malaini a polisi, m'nyumba za malata akale, ndipo phokoso la waaa limenelo ndimalidziwa ngati dzina langa. Silinali dothi. Inali mvula pa malata, ikumveka ngati foni yafunditsidwa ndi chinachake. Ndipo pa 14 Novembala mpamene inagwa mvula yoyamba, ndikukumbuka chifukwa inandinyowetsera mayunifolomu onse pachingwe.

Chakumapeto kwenikweni, kutali, kunamveka chinthu china. Belu. Katatu, n'kupuma. Katatu, n'kupuma. Belu la pemphero la masana ku mishoni.

M'manda mulibe malata. Nyumba ya Kefasi ndi ya udzu, ndipo kumanda anapitako patatha masiku atatu chijambulire chinthuchi. Ndinavula mahedifoni ndikumwetulira, koma kumwetulirako sikunakhalitse. Ngati kakhadi kanali m'nyumba ya malata pa 14 Novembala, ndiye kuti m'manda sikanalowemo n'komwe. Loweruka akafukula akapeza thumba losokedwa bwinobwino, m'kati mopanda kanthu. Ndipo anthu athu ndimawadziwa: sadzati Kefasi ngosalakwa, adzati ndi mfiti yotulutsa zinthu osang'amba ulusi.

Munthu uja ankapempha imfa yake ndi pakamwa pake.

* * *

Lachisanu ndinapita ndekha kwa a Imelda, nditavala chitenje pamwamba pa yunifolomu. Nyumba yawo inali kumapeto kwa mudzi wa a Vincent, kufupi ndi mishoni, ya njerwa zowotcha ndi malata adzimbiri. Mayiwa kwawo ndi ku Chiosya, kuno anabwera chitengwa. Anakhala m'banja zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, Mulungu osawapatsa mwana. Akuchimuna anali asanawasudzule, choncho ankakhalabe m'manja mwa alamu awo.

Anandilandira mwaulemu, n'kundiyalira mphasa m'nyumba chifukwa kunja kunali kutada ndi mitambo. Khomo la kuchipinda linali lotsegula. Pakhoma panali gitala wopanda nsambo ziwiri.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Thupi lija?"

"Ndadzukako, a Sajeni. Kaya inu?"

Ndinawafunsa za tsiku la maliro, anayankha zomwe ananena mu holo, liwu ndi liwu, ngati katekisimu. Ndinawafunsa ngati anapitako ku boda chaka chino. Anati alibe chokachita kumeneko. Maso awo sanachoke pa mphasa.

Kenako mvula inayamba. Madontho awiri atatu, kenako waaa pa malata. A Imelda anaimirira osaganiza n'komwe, monga achitira munthu chinthu chimene wachichita zaka zambiri. Analowa kuchipinda, anakoka beseni lachitsulo kunsi kwa bedi, n'kuliika pafupi ndi kumutu, pomwe denga limadontha.

Go. Go. Go.

Anaima chiweramire, dzanja lili pa beseni. Tinamvera tonse awiri, ndipo tikumvera choncho belu la masana linayamba kulira ku mishoni.

Anakhala pansi pomwepo.

"Kali kuti, mayi?" ndinafunsa motsitsa.

Anapisa dzanja pansi pa pilo n'kutulutsa kafoni kakang'ono ka mabatani. Anakagwira ndi manja awiri pachifuwa.

"Zaka zonsezi ndinkadzuka ndi mawu amenewa," anatero. "Ankaimba akumeta, ankaimba akupalira, ankaimba ngakhale titayambana. Ndiye andiuze kuti zonse apite nazo? Ine anandisiyira chiyani, a Sajeni? Mwana palibe. Ndinalumbira, inde. Koma tsiku lija nditagwira singano, manja anakana. Ndinasokerera bokosi la machesi lopanda kanthu."

"Nanga chogogoda chija?"

"Ndinkamvera foni ili pansi pa pilo kuti anthu asamve. Tsiku la mvula lija ndinkalira, kaya ndinadina pati. Sindinadziwe kuti yajambula. Patapita masiku foni inayamba kukana kakhadi, ikungolemba zachizungu. Ndinaona ngati wandiferanso kachiwiri. Ndinakwera minibasi mpaka ku boda, kumene sandidziwa. Bambo uja anakonza." Anaseka kuseka kowawa. "Ndinamuthokoza nditagwada."

"Ndiye mu holo muja munakuwiranji kuti zili m'manda?"

"Alamu anali pambali panga. Ndikanati chiyani? Ndipo nditamva kugogoda kuja, nanenso ndinayesa ndi iwowo, akundifunsa lumbiro lawo."

Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinawakwiyira, zonse pa nthawi imodzi. "Mayi, mawa akufukula. Akapeza m'thumba muli bokosi lopanda kanthu, Kefasi wafa. Akalephera kumupeza iyeyo, pali mkazi ndi ana atatu m'nyumba ya udzu. Mukawauze."

"Andithamangitsa. Ndanamiza wakufa, ndanamiza mudzi. Ku Chiosya makolo anatha, kunatsala mabwinja. Ndikalowera kuti? Kanenani ndinu."

"Ndikanena ine adzati apolisi adyetsedwa ndi mwini esiteti. Ndikakulandani kakhadiko adzati ndakatenga kwa Joe. Pakamwa pomwe angakhulupirire ndi panu pokha."

Anakwera pabedi, n'kugona atayang'ana kukhoma, foni ili m'manja.

"Pitani, a Sajeni," anatero. "Mvula yakata."

Inali isanakate.

* * *

Loweruka m'mawa bwana anandipatsa apolisi asanu. Kumanda tinapeza anthu oposa mazana atatu. Amuna anali atalowa kale m'nkhalango ya mandayo, amayi ataima m'mphepete monga mwa mwambo. Panalibe woseka, panalibe foni yolira. Pansi pa mitengo ikuluikulu ija panali mthunzi wozizira ndi fungo la masamba ovunda. A Wilson nawo analipo, atabwera ndi mtolankhani, akuti dziko lione chifukwa chake msonkho uja ukufunika. Ndinalakalaka kuwalanda foni n'kuiponya m'chitsime.

Ine yunifolomu inandilowetsa, ndinaima pafupi ndi mtumbira n'kulankhula. Ndinanena za tsiku, za malata, za belu. Dzina la munthu sindinatchule.

"Wadya zingati?" wina anakuwa.

"Malata ake ati? Ife tinamva tokha akugogoda!"

A Vincent anakweza dzanja, anthu n'kukhala chete. "A Sajeni, mwalankhula, tamva. Galu wamkota sakandira pachabe. Adzukulu, yambani."

Makasu anayi analowa m'dothi. Ndinayang'ana anzanga asanu aja, ndinayang'ana khamulo, ndinadziwa kuti tikaombera pano pafa anthu. Kuseri kwa mitengo, cha ku esiteti, ndinaona amuna angapo ataima padera, mmodzi ali ndi chigubu chija. Ankangodikira mawu.

Dzenje litafika m'mawondo, kumbali ya amayi kunamveka phokoso. Anthu ankapatuka. A Imelda ankabwera, opanda nsapato, opanda mpango, mutu wometa uli pamtunda. Anadutsa malire amene amayi amaima, anadutsa pakati pa amuna, mpaka pa dzenje penipeni.

"Lekani," anatero. "Musamuvutitse. M'thumbamo muli bokosi lopanda kanthu."

Makasu anaima m'mwamba.

Anatsegula kafoni kaja kumbuyo, natulutsa kakhadi kochepa ngati chikhadabo. "Aka. Sikanalowemo. Ndinaba ndine, alamu. Ndinabera mwamuna wanga chifukwa ndinkafuna kumamumva. Ku boda ndinapita nako ndine. Kugogoda munamva kuja ndi beseni la m'chipinda mwanga. Kupuma kuja ndi ine, ndikulira. Kefasi sadziwa kanthu."

A Vincent anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mlamu, Lachitatu lija munamva zimene tinamuchita munthu uja?"

"Ndinamva."

"N'kugona tulo?"

"Tulo sindinagone. Koma ndinakhala chete."

A Vincent analandira kakhadi kaja. Anagwada m'mphepete mwa dzenje, anakakanikizira m'dothi ndi chala chachikulu, n'kuuza adzukulu kuti akwirire. Ataimirira ankaoneka okalamba kuposa mmene anafikira.

"Dzuwa lisanalowe mukhale mutachoka m'mudzi muno," anatero osawayang'ana mlamu wawo.

Anthu anabalalika mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana njira yake. Amuna a chigubu aja sindinawaonenso. Mtolankhani anafunsa a Wilson ngati msonkho wa intaneti ukanaletsa zimenezi, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, a Wilson anasowa chonena.

* * *

Masana ndinamutulutsa Kefasi n'kupita naye ku esiteti pa galimoto ya polisi. Ndinkayesa akasangalala. Tinapeza Stelia atamanga kale katundu: mphasa ziwiri, mapoto, thumba la zovala. Fodya anali atamera bwino m'mizere, wobiriwira, koma Kefasi sanamuyang'ane n'komwe.

A Vincent anasunga mawu awo. Anabwera okha, wapansi, tambala woyera ali m'manja. Anavula chipewa, anagwada pa bondo limodzi pamaso pa tenanti.

"A Kefasi, tinalakwa. Landirani."

Kefasi anakweza dzanja lomangidwa lija. "Ndilandire ndi chiyani, bambo?"

"Khalani. Fodya wanu palibe amene amukhudze. Ndinu wathu."

"Lachitatu ndinali wa yani?" Sanakweze mawu. Anakweza mwana wamng'ono m'galimoto ndi dzanja limodzi. "Maliro akagwa muzikumba nokha."

Tinawasiya a Vincent chigwadire, tambala akuphupha m'manja mwawo.

Titayenda pang'ono pa msewu wafumbi wopita ku tala, tinaona mayi akuyenda yekha, kamtolo pamutu, gitala m'manja. Mitambo inali itayambanso kusonkhana, ndipo pamsewu umenewo minibasi sizidutsa masana a Loweruka. Ndinauza dalaivala kuti aime. Ndinatembenukira kumbuyo, chifukwa chilolezo sichinali changa kupereka.

Kefasi anawayang'ana a Imelda pawindo. Stelia anayamba kunena kanthu, iye n'kumugwira bondo. Anayang'ana dzanja lake, anayang'ana ana ake. Kenako anasendera kukona, n'kunyamula thumba la zovala kuliika pamiyendo.

"Akwere," anatero. "Koma asandilankhule."

Anakwera. Mpaka pa depoti palibe amene anatsegula pakamwa.